Digiri ndi yake, munda ndi wa mlongo wake

Pa mwambo uliwonse wopereka madigiri m'dziko muno pamakhala ulaliki umodzi wosalephera. Mlendo wolemekezeka, amene iye mwini wadyera malipiro a boma kapena a kampani moyo wake wonse, amaimirira, nkukonza tayi, nkuuza achinyamata ovala mikanjo kuti aleke kuzungulira m'maofesi ndi maenvelopu, adzilembe okha ntchito ndipo alembenso anzawo. Anthu amaomba m'manja, nthungululu zimalira, ojambula amajambula. Ine ndinaleka kuomba m'manja. Mawuwo amamveka ngati akupita kwa onse mofanana, chonsecho mwa ana akhala pamipandopo, ena akafika kwawo akapeza munda, dzina ndi chikole zikuwadikira, pomwe ena akapeza funso lakuti akwatiwa liti.

Nkhaniyi tiyionere ku Rumphi, chifukwa kumeneko chonamizira chathu cha masiku onse sichigwira ntchito. Tikamakamba za kutsalira kwa atsikana timathamangira kunena kuti makolo sadziwa ubwino wa sukulu. Ku Rumphi amaudziwa. Boma limeneli, momwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu opitirira pang'ono 229,000, lili m'gulu la maboma amene anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndi kumeneko, pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894 nkutsegula sukulu yomwe inadzatchuka ndi dzina lakuti Overtoun Institution. Pamalo pomwepo sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula yunivesite yake mu 2003, ndipo chapafupi pali Livingstonia Technical College. Mukatsikira m'chigwa cha Henga mupeza sukulu za Phwezi, ya anyamata, ya atsikana, ndi malo ophunzitsira amayi luso la manja. Mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena ku Mhuju amagulitsa mabelo, ngakhale ng'ombe imene, kuti mwana alipire fizi, ndipo masiku ano ambiri sayamba afunsa ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Makolo anachita mbali yawo. Ngati mwana wamkazi wa makolo otere akuthera pakhomo, digiri ili m'sutikesi pansi pa bedi, tisiye kuloza chala makolo ndi sukulu ya pulayimale, tiyang'ane zimene zimachitika tsiku la mkanjo likadutsa.

Mbiri ya Khondowe ili ndi mbali imene sitikonda kuitchula pa zikondwerero. Sukulu ya Laws inkasula aphunzitsi, makalaliki, akalipentala, amisiri omanga, osindikiza mabuku ndi otumiza matelegalamu, ndipo anyamata otuluka kumeneko anadzaza maofesi kuyambira ku Zomba mpaka ku Bulawayo ndi ku Joni. Clements Kadalie anaphunzira kumeneko asanakayambitse bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anadzera pomwepo. Atsikana analipo, koma ochepa, ndipo chachikulu chimene ankawakonzera chinali singano, kuchapa, kusita ndi kusamala pakhomo, kuti mphunzitsi kapena mlaliki akadzafuna banja adzapeze mkazi womuyenera. Mnyamata ankaphunzira kuti akalandire malipiro, mtsikana kuti akakwatiwe ndi wolandira malipiro. Papita zaka zoposa 130, koma lowani m'makalasi a lero muone. Ku unamwino, ku uphunzitsi ndi ku ulembi atsikana ndi ambiri. Ku uinjiniya, ku zamigodi, ku zamagetsi ndi ku zomangamanga mumachita kuwawerenga ndi zala.

Zina zasintha ndithu. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Gender Equality Act, lomwe limati posankha ophunzira opita ku sukulu za ukachenjede, komanso polemba anthu ntchito m'boma, mbali imodzi, kaya ya amuna kaya ya akazi, isachepere 40 pa 100 alionse ndipo isapitirire 60. Chaka chilichonse bungwe la NCHE likamatulutsa mayina a osankhidwa limanena kuti atsikana alipo angati, ndipo chiwerengerocho chakweradi poyerekeza ndi kale. Yunivesite ya MUST ku Thyolo yatsogoleredwa ndi mayi, Pulofesa Address Malata. Tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi, tinakhalapo ndi sipikala wamkazi. Zonsezi nzoona, ndipo nzimene akuluakulu amatiwerengera tikayamba kudandaula.

Koma kuwerenga kwathu kumathera pa geti lolowera. Ndi kholo liti la ku Katowo kapena ku Nchenachena linamvapo pa wailesi yunivesite ikulengeza kuti mwa atsikana amene tinawapatsa madigiri zaka ziwiri zapitazo, akutiakuti ali pantchito yogwirizana ndi maphunziro awo, akutiakuti ali ndi bizinesi yolembetsedwa, akutiakuti ali pakhomo? Masukulu amalengeza kuchuluka kwa olowa chifukwa olowa ndiwo amabweretsa fizi ndi chiyamiko cha mabungwe akunja. Otuluka amasanduka nkhani ya eni ake. Manambala a dziko lonse amene tili nawo sakoma. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse okhoza ndi ofuna kugwira ntchito, pafupifupi 26 anali pa ulova, pomwe kwa abambo anali 14. Mu 2021 World Bank inati mayi wolembedwa ntchito m'Malawi amalandira pafupifupi matambala 64 pa kwacha iliyonse imene bambo amalandira. Wina anena kuti manambalawa ndi a amayi onse, ophunzira ndi osaphunzira omwe, ndipo kuti digiri imafafaniza kusiyanako. Chabwino, mayunivesite atulutse awo, atitsutse poyera.

Anthu a chigawo cha kumpoto mphamvu ya manambala amaidziwa kuposa wina aliyense. Boma la Kamuzu litayamba kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera, njira yotchedwa kota, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti linathetsa mchitidwewo mu 1993. Boma la Bingu wa Mutharika linaubwezeretsa mu 2009, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pamene unathetsedwanso mu 2020, sinodi ya Livingstonia, mafumu ndi aphungu sanagone tulo. Ankabwera ndi umboni m'manja: mwana uyu wakhoza ndi mapointi ochepa chotere koma wasiyidwa, uyo wa mapointi ochuluka watengedwa. Anali ndi mfundo ndipo anapambana. Chondidabwitsa nchakuti ukali womwewo umazirala tsankho likasiya kutsata boma lochokera nkuyamba kutsata chibadwa. Mtsikana wa ku Hewe amene abusa ankamumenyera nkhondo kuti alowe ku Chancellor College, atatulukako ndi digiri anamumenyeranso ndani?

Ntchito za malipiro apamwezi ku Rumphi nzowerengeka. Kuli kukhonsolo, m'masukulu, pachipatala cha boma ndi cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, m'mabungwe othandiza, ku Nyika ndi ku Vwaza, ku migodi ya malasha ya Mchenga ndi Kaziwiziwi, ndi kumakampani a fodya amene amafuna alangizi oyenda pa njinga yamoto. Zingapo mwa izi anthu anagamula kale m'mitima mwawo kuti ndi za amuna, ngakhale chikalata choitanira anthu chisatero. Wofuna ntchito ayenera kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo apa mpamene njira za mnyamata ndi mlongo wake zimapatukana. Mnyamata amanyamula kachikwama nkukagona pansi kwa mnzake ku Chibavi kapena ku Kawale miyezi ndi miyezi, akudya kamodzi patsiku, akuponya makalata, akudziwana ndi anthu. Palibe womunena, amati akulimbikira. Mtsikana akayesa zomwezo, mudzi wonse umadziwa chimene akukachita m'tauni iye asanakwere nkomwe basi. Ndiye amamutumiza kwa azakhali kapena kwa amalume, komwe amasanduka wantchito wosalipidwa: kuphika, kuchapa, kukatenga ana kusukulu. Agogo akagonekedwa kuchipatala, wodikirira odwala ndi iyeyo, pajatu sali pantchito. Mwezi wa intavyu umamupeza akuphika phala kukhitchini ya pachipatala.

Onjezani apo kuti m'dziko muno ntchito zambiri zimamveka zisanatuluke m'nyuzipepala. Zimamveka pa bawo, pa mowa, pa mpira wa Loweruka, m'galimoto pobwera ku maliro. Malo amenewa mtsikana wosakwatiwa akafikako amataya mbiri, akapanda kufikako amataya mwayi. Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukazolowera ntchito m'maofesi, yomwe inayamba mu 2018 ndi kandalama ka K80,000 pamwezi, inathandiza ena, koma kandalama kotere kamakwanira munthu amene angathe kugawana chipinda chimodzi ndi anzake anayi kulikonse kumene renti yatsika. Kholo la mtsikana limafunsa kaye za loko wa pachitseko ndi mdima wa panjira, ndipo sindingalinene kuti likulakwa.

Mtsikana akafika pa intavyu amakumana ndi funso limene mlongo wake sanafunsidwepo: muli pabanja, nanga ana mukuganiza zokhala nawo liti? Funsoli ndi loipa, koma lili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi lamulo lathu lomwe. Employment Act imapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro onse, ndipo wolipira ndi bwana yekha. Kampani yaikulu siimva kuwawa. Mwini sukulu yapulaiveti kapena mwini kampani ya anthu khumi amawerengera, nkusankha mnyamata, chifukwa chake nkusunga mumtima. Ku South Africa ndalama ya uchembere imachokera ku thumba la UIF, limene mabwana ndi antchito onse amasonkhamo, kaya alemba amuna kaya akazi, kotero kulemba mkazi sikukhala chilango kwa bwana mmodzi. Ife tinawonjezera masabata 2 a tchuthi cha abambo mu 2021, zomwe nzabwino, koma katundu wa uchembere tinamusiya pamutu pa wolemba ntchito, ndipo iye amamutula pa mtsikana wofuna ntchito uja.

Za mabwana ofuna thupi asanapereke ntchito sindichulutsa mawu, aliyense akuzidziwa. Lamulo la 2013 lija limati wochita zimenezi alipire K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Mu 2021 bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti la nkhanza zotere ku MBC, ndipo dziko linagwedezeka kwa masabata angapo. Amayi a ku MBC anali mumzinda, pafupi ndi maloya ndi atolankhani, koma zinawatengera zaka kuti amvedwe. Ganizirani mtsikana wongoyamba kumene ntchito pa kaofesi ka kumudzi, kumene bwana, wapampando wa komiti yomva madandaulo ndi mkulu wa mpingo ndi munthu mmodzi yemweyo.

Tsopano tibwere ku bizinesi, mankhwala amene akuluakulu amatilembera pa matenda alionse. Bizinesi imafuna mpamba, ndipo ku Rumphi mpamba ndi nthaka. Mwa Atumbuka a kumeneko mkazi amapita kwa mwamuna, malowolo amaperekedwa, ana ndi a kuchimuna, ndipo munda umatsata ana aamuna. Mwana wamkazi kwawo amamuona ngati wapaulendo, adzapita. Kumene wakwatiwako ndi mtengwa, amalima munda wa eni ake. Banja likatha kapena mwamuna akamwalira, kukhala kwake pamundapo kumadalira mtima wa alamu ake, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limamuteteza pa pepala. Sindikuti kumene kuli chikamwini amayi ali pa mtendere. Kumeneko munda ndi wa mayi koma mawu omaliza kawirikawiri ndi a malume. Koma ku Rumphi nkhaniyi ili poyera kwambiri moti mwana wa sitandade 5 angakuuzeni kuti munda wa bambo ake udzakhala wa yani.

Tiyerekeze ana awiri a bambo mmodzi, onse atamaliza za ulimi ku LUANAR. Wamwamuna akabwerera kumudzi amamudulira ekala kapena awiri. Amalembetsa ku Tobacco Commission m'dzina lake, kampani ya fodya imamupatsa kontirakiti ndi feteleza wa ngongole, mabelo ake amapita ku okushoni ya ku Mzuzu, ndalama imalowa mu akaunti yake. Pakatha zaka ziwiri banki ikumudziwa, ili ndi mbiri yake, ikhoza kumukongoza. Mlongo wake, amene mwina ndiye anakhoza bwino m'kalasi, amabwerekedwa kadimba ka tomato ndi mawu akuti uzilima pano podikira. Podikira chiyani, aliyense akudziwa. Iye anaphunzira kuti ndalama yeniyeni kumapiri a Phoka ndi ku Mphompha ili mu khofi, koma khofi amayamba kubala patatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo munthu wanzeru zake sabzala mtengo pa nthaka imene angachotsedwepo chaka chamawa. Kuwauza awiriwa kuti nonse yambani bizinesi kuli ngati kuwaimika pa Chitimba nkuwauza kuti tikumane ku Livingstonia, wina atakwera galimoto, wina akukwera makhotolo a msewu wa Golodi wapansi, mtolo uli pamutu. Onse akhoza kufika, koma tisamanamizire kudabwa kuti wina wachedwa.

Kubanki mtsikanayo amamufunsa chikole: chikalata cha nyumba kapena cha malo. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linatsegula njira yakuti katundu wosunthika, monga makina, ziweto kapena mbewu za m'nkhokwe, akhale chikole, koma lowani m'banki ndi makina osokera muone nkhope ya wokulandiraniyo. Ngakhale atamukongoza, m'zaka zapitazi chiwongoladzanja cha mabanki chakhala chikupitirira 25 pa 100 pachaka, ndipo ndi mabizinesi ochepa oongoka amene angabweze ndalama yotere. Thumba la ngongole la boma lasintha mayina kangapo, MARDEF, MEDF, NEEF, koma madandaulo ake sasintha: ngongole zotsata mtundu wa nsalu ya chipani, kuchedwa, ndi ndalama zambiri zosabwezedwa. Mayi amauzidwa kuti apeze gulu, ndipo gulu likapatsidwa ndalama nkugawana, aliyense amatsala ndi yokwanira belo limodzi la kaunjika. Chotsalira ndi banki m'khonde. Banki m'khonde yaphunzitsa ana ambiri ndipo yafolera nyumba zambiri ndi malata, sindiinyoza. Koma ndalama yake ndi yochepa, chiwongoladzanja chake ndi cha pamwezi, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse nkuyambiranso. Simungagulire makina opuntha khofi kapena ogayira chimanga pa ndalama yoti mubweze mwezi wamawa.

Nchifukwa chake mtsikana wa digiri ya zachuma mumamupeza akugulitsa zitenje ndi nsapato zochokera ku Tanzania kudzera pa WhatsApp, kapena akuphika makeke a ukwati. Si ntchito zochititsa manyazi. Vuto lake nlakuti onse akankhidwira pa kamsika kamodzi kopanikiza, komwe aliyense akugulitsa zofanana ndi mnzake ndipo phindu ndi la sopo. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, oyamba kutha mpamba anali oterewa, ogula katundu kunja ndi kandalama kochepa. Mlimi wa fodya uja mitengo yake ya ku okushoni imatchulidwa m'madola. Ofufuza a World Bank ku Uganda anapeza kuti amayi amene analowa m'ntchito zodziwika ngati za amuna, monga kuwotcherera zitsulo ndi ukalipentala, ankapeza phindu lofanana ndi la amuna, lochuluka kwambiri kuposa la amayi anzawo otsalira m'mabizinesi a chizolowezi. Ndipo ambiri mwa iwo analowamo chifukwa bambo, mchimwene kapena mwamuna wina wapafupi anawatsegulira khomo ali aang'ono. Luso analinalo kale, chimene chinkasowa ndi munthu wowalowetsa.

Nanga mayunivesite akuchitapo chiyani? Anayambitsa phunziro la bizinesi, lomwe nthawi zambiri limathera pa mayeso olemba ndondomeko ya bizinesi ya m'maloto, yochongedwa ndi mphunzitsi amene sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato. Mabungwe nawo ali ndi misonkhano yawo kunyanja, zitenje zosindikizidwa mawu okoma, ndi masiku 16 a chaka chilichonse oguba m'misewu. Mtsikana wa ku Mphompha waphunzitsidwa kudzidalira kokwanira. Akusowa malo, makina ndi munthu woyamba kumugula katundu.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, chifukwa ndimalimva nthawi zonse: anyamata nawonso akuvutika. Nzoona. Alipo a madigiri amene akupalasa kabaza ku Mzuzu, alipo amene anathawira ku Joni kukagwira ntchito za m'minda ya maluwa. Lonjezo la ntchito 1 miliyoni la mu 2020 linawadutsa onse, amuna ndi akazi. Chuma chimene sichibala ntchito chimapweteka aliyense. Koma njala ikalowa m'mudzi sitileka kufunsa kuti akuyamba kugwa ndani. Mnyamata wa kabaza uja njinga anaigula ndi ndalama ya fodya wa pamunda wa bambo ake, kapena anakongola pogwiritsa dzina la banja lake, ndipo zikakanika ali ndi kobwerera komwe palibe angamuthamangitse. Kunena kuti tidikire chuma chikule kaye ndiye tidzakambe za akazi nkunena kuti ntchito zikadzabwera zidzagawidwe m'njira yomweyi.

Yankho lina ndi la mwambo, ndipo ili ndilolemera, liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Akuluakulu amati mukapatsa mwana wamkazi munda, akakwatiwa nthaka ya makolo ipita ku mtundu wina. Mantha amenewa ndi enieni, nthaka ikuchepa ndipo anthu akuchuluka. Koma tiyeni tinene zoona zonse. Bambo yemweyo amene akuti mwana wamkazi ndi wa eni ake, mwanayo akapeza ntchito ya unamwino ndiye amene amamuimbira foni feteleza akakwera mtengo. M'midzi yambiri nyumba ya malata ya makolo anamanga ndi mwana wamkazi. Pa ndalama zake ndi mwana wa pakhomo, pa munda ndi mlendo. Palinso china chowawa kuchimva. Akatswiri a zachuma amene anafufuza ku Zambia ndi ku Indonesia anapeza kuti kumene kuli mwambo wa malowolo, mtengo wake umakwera mtsikana akaphunzira, ndipo makolo a kumeneko amafulumira kutumiza ana aakazi kusukulu masukulu akamangidwa. Sindikuti makolo a ku Rumphi amaphunzitsa ana awo pofuna ng'ombe. Ambiri amatero chifukwa cha chikondi ndi chikhulupiriro chawo pa sukulu. Koma mwambo umene umadziwa kuwerengera digiri ya mtsikana pa tsiku la malowolo, nkulephera kuiwerengera pa tsiku logawa minda, wasankha wokha pamene ukufuna kusinthira.

Ndipo mwambo umasintha ukaona phindu. Mgwirizano wa alimi wa Mzuzu Coffee, umene uli ndi mamembala kumapiri a Rumphi, wakhala ukulimbikitsa kuti amayi akhale ndi mitengo ya khofi m'dzina lawo ndi kulandira okha ndalama yake, ndipo thambo silinagwe. Mu 2014 anthu a Rumphi West anasankha mayi wobadwira ku Netherlands, Jacqueline Kouwenhoven, kukhala phungu wawo. Anthu okhoza kupereka mpando wa ku Nyumba ya Malamulo kwa mayi wochokera kutsidya kwa nyanja sangalephere kupereka ekala imodzi kwa mwana wobadwa m'nyumba mwawo.

Mpata wake ulipo, ndipo ukhoza kutsekeka tikuyang'ana. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limalola kuti malo a makolo alembetsedwe, ndipo limati m'makomiti a malo a m'midzi theka la osankhidwa likhale amayi. Rumphi ndi limodzi mwa maboma amene kulembetsaku kunayesedwa koyamba, pamodzi ndi Kasungu ndi Phalombe. Ambiri amakuona ngati chipulumutso cha amayi. Ine ndimakuopa pang'ono. Mwambo wosalembedwa umapindika: bambo wachifundo amatha kunena kuti mwana wanga wabwerera, mumpatse polima. Chikalata sichipindika. Ngati minda ilembedwa lero m'mayina a ana aamuna okhaokha, tidzakhala titadinda ndi chidindo cha boma chinthu chimene kale chinkatha kukambidwa pabwalo. Amayi atatu okhala chete pa komiti, pamaso pa apongozi awo, sangaletse zimenezi. Amene angaletse ndi mafumu. Chaka chilichonse pa Gonapamuhanya ku Bolero, a Themba la Mathemba Chikulamayembe ndi mafumu awo amakhala pamodzi, andale nkumapikisana kukhala kutsogolo. Mawu amodzi ochokera pamenepo, akuti polembetsa malo dzina la mwana wamkazi lilembedwe pambali pa la mlongo wake, ndipo malowo akhale ake ngakhale akwatiwe, angachite zimene misonkhano ya kunyanja yalephera. Za kuopa kuti nthaka ipita ku mtundu wina, mafumu omwewo akhoza kuika malire a kagulitsidwe ndi kasiyidwe kake. Nzeru zoterozo sizinawasowepo pa milandu ina ya malo.

Khonsolo ya Rumphi nayo isabisale kumbuyo kwa Lilongwe. Imagula madesiki, chakudya cha odwala, njerwa, mapepala, ndipo ndalama za CDF zakhala zikukwezedwa. Kuyambira mu 2020 pali lamulo lakuti pogula katundu maofesi a boma azipereka mpata kwa mabizinesi ang'onoang'ono, kuphatikizapo a amayi ndi achinyamata. Pa bolodi la pakhonsolo pazikhomedwa mndandanda wa amene anapatsidwa makontirakiti chaka chatha, ndi mayina a eni makampaniwo, tione kuti akazi ndi angati, ndipo mwa akaziwo ndi angati amene si akazi a makhansala. Oda imodzi ya madesiki 200 kwa mtsikana wa ukalipentala wochokera ku Livingstonia Technical College, yolipidwa pa nthawi yake, ndi chikalata chimene banki ingamve.

Za kuwerenga otuluka zija, pasakhale wonena kuti nzovuta. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limalondola amene anakongola, ndipo olemba ntchito amalamulidwa kulidziwitsa ndi kudula ngongoleyo pa malipiro. Ndiye kuti m'mabuku ake muli kale mayina a amene akubweza kudzera pa malipiro ndi amene sanayambe, amuna ndi akazi, sukulu ndi sukulu, phunziro ndi phunziro. NCHE, imene ili ndi mphamvu yovomereza kapena kukana maphunziro a yunivesite iliyonse, ikhoza kulamula kuti sukulu yofuna chilolezo izitulutsa manambala amenewa chaka ndi chaka, ya boma ndi ya mpingo yomwe. Aphungu a Rumphi akafunse zimenezi m'Nyumba ya Malamulo ndi ukali uja ankafunsira za kota. Pajatu bungwe la ngongolelo polemba kalata yokumbutsa silisiyanitsa: mtsikana wa kadimba ka tomato ndi mlongo wake wa maekala awiri a fodya, ngati anakongola zofanana, amawalondola ndalama yofanana mpaka tambala yomaliza.